Seva Yosowa ya kwa Jaffu

Nabil Jaffu analowa ku polisi akukoka mtsikana pamkono ngati mbuzi yopita ku msika. Kumbuyo kwawo kunali madalaivala a mathiraki amene anawalondola kuchokera ku boda, ena kufuna kuona mathero ake, ena kungosowa womutukwana.

"Mutsekereni uyu!" anatero Nabil, moni osapereka. "Watiphera kampani."

Sajeni Esinati Zalimba, wapolisi wofufuza milandu, anali akudya manachesi pa desiki yake. Anawakankhira pambali n'kupukuta zala pang'onopang'ono.

"Choyamba musiyeni mkonowo, bambo. Kuno ogwira anthu ndife."

Nabil anamusiya. Mtsikanayo anakonza magalasi ake, n'kusisita pamene zala zinadinda. Sanalire. Anangoyang'ana Nabil ndi diso loti likanakhala mpeni, bwenzi pali maliro.

Banja la a Jaffu ankalidziwa aliyense pa Mwanza. Kampani yawo inkathandiza amalonda kuombola katundu pa boda, ndipo chimwalirireni bambo awo, inkayendetsedwa ndi Sharifah, mlongo wake wamkulu wa Nabil. Mtsikana wamagalasiyo anali Tiffany Mpinganjira, woyang'anira makompyuta a kampaniyo.

Nabil anafotokoza mofulumira, thovu lili kukamwa. Loweruka masana kunabwera anthu awiri ochokera ku kampani ya eni pulogalamu. Ananyamula seva, kompyuta yaikulu imene imasunga mapepala onse a katundu ndi maina a makasitomala. Anati pulogalamu imene inali m'menemo ndi yakuba, ilibe layisensi. Tsopano lero Lolemba ntchito yaima, mathiraki andanda mpaka kumsika, ndipo ina mwa iwo yanyamula nsomba za karapau zimene zayamba kale kuitana ntchentche.

"Anaika pulogalamuyo ndi uyu. Ndi mbava."

"Nanga inu mukuti bwanji, achemwali?" anafunsa Esinati.

"Ndikuti akunama," anatero Tiffany. "Kapena anamizidwa. Asankhe okha."

"Mukumumva? Mwano wakewo!"

"Dikirani, bambo," anatero Esinati. "Pitirizani, achemwali."

"Pulogalamu imene imayendetsa seva ija ndi Linux. Layisensi yake imanena poyera kuti aliyense akhoza kuitenga, kuigwiritsa ntchito, kuisintha, ngakhale kugawirako mnzake. Ndiye munthu angabe bwanji chinthu chimene eni ake anachiika panjira n'kunena kuti tolani?"

Esinati za makompyuta ankangodziwa kulemba malipoti basi, ndipo sanachite manyazi kufunsa. "Ndiye kuti kampani yanu silipira kalikonse?"

"Imalipira chaka ndi chaka. Koma chimene timalipira si pulogalamu ayi, ndi thandizo. Kwanu kuli mjigo, amayi?"

"Kwa Nthache? Ulipo."

"Madzi ake mumagula?"

"Ayi. Timangosonkha ya mmisiri."

"Basi ndi zomwezo. Ife timalipira kuti akatswiri azititumizira zokonza pulogalamu ikapezeka ndi chiboo choti akuba angalowerepo, komanso kuti tikawaimbira foni zinthu zitavuta, atiyankhe. Tikasiya kulipira, seva imagwirabe ntchito. Kungoti ikadzavuta tidzaona tokha chochita. Koma munamvapo mmisiri atabwera kudzazula mjigo chifukwa mudzi sunasonkhe?"

Dalaivala wina pakhomo anaseka. Nabil anatembenuka n'kumuyang'ana moopseza.

"Chizungu chambiri," anatero Nabil. "Ine ndikufuna agone m'chitokosi."

"Ine sinditsekera munthu chifukwa wina wafuna," anatero Esinati akunyamula chikwama chake. "Tiyeni tikaone kumene kunali sevayo. Achemwali, foni yanu ili kuti? Mwina tifuna kuimbira anthu."

"Andilanda m'mawa uno. Akuti ndi ya kampani."

"Ndi ya kampanidi," anatero Nabil. "Ine ndikupita ku boda kukatonthoza makasitomala. Mukamaliza zocheza zanuzo mundipeza."

*

Mlonda wa ofesi ya a Jaffu anali bambo Luckson, munthu wamtali wowonda, amene nkhani iliyonse ankaiyambira kutali.

"Ine, abwana, ndinene zoona pamaso pa Chauta. Loweruka limenelo ndinali nditangodya kumene chinangwa changa, chifukwa mayi akunyumba masiku ano miyendo ikuwavuta, ndiye..."

"Anthu aja, bambo."

"Eya, anthu aja. Galimoto yoyera. Awiri. Mataye pakhosi, ndi tizikwangwani tolendewera pachifuwa ngati a ku banki. Wina wamfupi wonenepa, wina kamnyamata ka ndevu zapachibwano. Akuti, 'Madala, layisensi yatha, tabwera kudzatenga makina.' Ine ndinati ayi, pano sipatuluka ngakhale tsache popanda mawu a abwana. Ndiye ndinaimbira abwana aang'ono."

"A Nabil?"

"Omwewo. Amayi Sharifah anali ku ukwati ku Blantyre. Abwana aang'ono akuti, 'Ayi Luckson, amenewo ndi a malamulo, usalimbane nawo, tingamangidwe tonse.' Ndiye ine ndani?"

"A Nabil anabwera kudzaona?"

"Sanabwere. Akuti anali kutali."

Esinati analowa mu ofesi, n'kudutsa madesiki, mpaka kukachipinda kakang'ono ka kumbuyo. Anagwada n'kuyang'ana loko. Panalibe pokanda ngakhale pamodzi. M'katimo munali shelefu yachitsulo yopanda kanthu, mawaya ali lendelende. Pansi, pakona, fumbi linasiya malo oyera a ngodya zinayi, ndipo kuchokera pamenepo mizere iwiri inakwekwereza simenti mpaka pakhomo.

"Anakufunsani kuti seva ili chipinda chiti?"

Luckson anakanda m'mutu. "Kufunsa? Ayi ndithu. Anangolunjika ngati kwawo."

"Chitsekochi anawatsegulira ndani?"

"Okha, abwana. Kiyi anali naye wamfupi uja."

"Nanga apa panali chiyani?" Esinati analoza malo oyera aja.

Tiffany anasuzumira, ndipo nkhope yake inasintha. "Batire! Atenganso batire lalikulu limene limagwira seva magetsi akazima."

"Kulemera kwake, abwana, ngati thumba la simenti," anatero Luckson. "Mpaka ndinawathandiza kukweza. Msana uno mpaka lero..."

Esinati anaimirira n'kusasa fumbi pa siketi. Anthu odandaula za pulogalamu yakuba batire akalitani? Amene amanyamula batire ndi munthu woti akufuna kukayatsa makinawo kwinakwake, kwinakwake kumene magetsi amazimazima ngati konkuno.

"Makiyi a chipindachi alipo angati?"

"Awiri," anatero Tiffany. Anapisa m'khosi n'kutulutsa kachingwe. "Wanga ndi uyu. Ndimagona naye. Winayo ali ndi amayi Sharifah."

*

Sharifah Jaffu anali mu ofesi yake, foni imodzi kukhutu, ina ikulira pa tebulo. Anali mayi wamfupi wojintcha, mpango wobiriwira utakuta mutu ndi khosi, maso ali ofiira. Atawaona anadula foni.

"Sajeni, ine ndatha. Makasitomala amene bambo anga anawasunga moyo wawo wonse akundiuza kuti apita kwina dzuwa lisanalowe." Anatembenukira kwa Tiffany. "Iwe, ndinakukhulupirira ngati mwana wanga. Ndiuze zoona, chinthu chija chinali chakuba?"

"Mukundifunsa zimenezo, amayi? Inuyo?"

"Ine za makompyuta sindizidziwa. Ndimangomva zimene mwandiuza, iwe ndi Nabil."

"Kiyi wanu wa chipinda chija ali kuti?" anafunsa Esinati.

"M'kabati kunyumba kwa amayi anga. Ndikamapita ulendo ndimasiya makiyi onse kumeneko."

"Kumeneko kumakhala ndani?"

"Amayi, wantchito, ndi Nabil. Chibwerereni ku Joni sanapezebe nyumba yake."

Esinati sanaonetse kalikonse pankhope. Anakhala pampando n'kufunsa ngati nkhani yongocheza. "Za thandizo lolipira chaka ndi chakali, anavomereza ndani?"

"Ine. Tiffany anandiuza kuti seva ikadzafa pakati pa ntchito, tidzafuna anthu oti tiwaimbire. Ndinaona kuti ndi nzeru. Koma inali nkhondo, Sajeni. Nabil anakana mpaka kumenya tebulo lomweli. Amvekere, 'Achemwali, mukuwononga chuma cha bambo. Chinthuchi n'chaulere! Ngakhale ine ndikhoza kuchitenga pa intaneti lero lomwe, palibe angandifunse. Tilipirirenji chinthu chaule...'"

Mawu anamuthera pakamwa. Foni ija inayambanso kulira pa tebulo, koma palibe anaigwira.

"Ananena yekha kuti n'chaulere?" anafunsa Esinati motsitsa.

Sharifah anakoka mpango wake n'kuphimba pakamwa.

"Ndiye munthu wodziwa kuti chinthu n'chaulere, akamva pa foni kuti abwera anthu kudzachilanda chifukwa n'chakuba, sathamanga kudzaona? Amangouza mlonda kuti asiye anyamule?"

"Mwina anaiwala," anatero Sharifah, mawu ali a munthu wosakhulupirira zimene akunena. "Mwina anachita mantha."

"Mwina. Tiyeni tifunse eni thandizowo. Achemwali, nambala yawo mukuidziwa?"

"Pamtima," anatero Tiffany.

*

Kampani ya kunja yopereka thandizolo inali ndi woiimira ku Blantyre, mkulu wina dzina lake Malcolm. Esinati anaika foni yake pa tebulo kuti onse azimva. Sharifah ndi Tiffany atadzitchula, Malcolm anamasuka, ndipo atamva nkhaniyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ife kulanda seva? Amayi, ofesi yathu ino ilibe ngakhale galimoto, ine ndimayenda pa minibasi! Ife sitigulitsa pulogalamu, timagulitsa thandizo. Mgwirizano wa a Jaffu uli bwinobwino, sunathe. Ndipo ngakhale ukanatha, ife tikanangosiya kutumiza zokonza ndi kuyankha mafoni awo, basi. Makinawo ndi awo, pulogalamuyo ndi ya aliyense. Tikalande chiyani?"

Tiffany anayang'ana Sharifah osaphethira. Sharifah anayang'ana pansi.

"Koma ndikudabwa kuti mukuti seva yasowa," anapitiriza Malcolm. "Si m'mawa womwe uno mwaimba kuti ikukuvutani kuyatsa?"

Esinati anawerama kuyandikira foni. "Waimba ndani?"

"Mwamuna. Akuti ndi Keith, katswiri watsopano wa kwa Jaffu. Akuti seva akaiyatsa ikumufunsa mawu achinsinsi, ndiye timuthandize kuitsegula."

"Ndinaikhoma ndine," anatero Tiffany. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo milomo yake inaonetsa kumwetulira. "Zonse zili m'katimo ndi zokhoma. Popanda mawu amenewo, ali ndi chitsulo chabe."

"Ndi zimene ndamuuza," anatero Malcolm. "Mawu amenewo ife sitisunga, ndipo sitithandiza munthu amene dzina lake mulibe mu mgwirizano. Ndinati ndiyambe ndafunsa a Tiffany, koma foni yawo ndi yozima. Iye uja waimbanso kawiri, akuchita kuchonderera."

"Nambala yake muli nayo?"

"Ili pompano."

Esinati anaganiza pang'ono. Akaimba yekha, mbalame iuluka. Anayang'ana Sharifah, chifukwa mgwirizanowo unali wake.

"Amayi, ndikufuna a Malcolm amuimbire munthuyo. Amuuze kuti mwamwayi katswiri wodziwa sevayo ali ku Mwanza konkuno lero, angonena kumene makinawo ali. Si bodza, katswiriyo ndi uyu wakhala apayu. Koma chilolezo chichokere kwa inu. Ndipo mudziwiretu kuti kumene tikupitako mwina mukaona zimene simukufuna kuona."

Sharifah anatembenukira kuwindo. Panja dalaivala wina ankaliza hutala mosalekeza.

"Muimbireni, a Malcolm," anatero.

Sipanapite nthawi, foni ya Esinati inalira. Malcolm anali akuseka chapansipansi. "Wakondwa ngati wapeza ntchito. Akuti mutenge msewu wopita kwa Kanduku, mukadutsa chigayo mukhotere kumanja. Nyumba ya penti watsopano wabuluu."

*

Anaimika galimoto kuseri kwa chigayo. Sharifah anatsala m'galimotomo pamodzi ndi wapolisi wa yunifolomu amene Esinati anamutenga. Esinati, amene ankavala zovala wamba, ananyamula chikwama cha Tiffany ngati womuthandiza, n'kumutsatira pambuyo.

Anawatsegulira mnyamata wa ndevu zapachibwano, malaya atanyowa ndi thukuta.

"Ndinu a thandizo aja? Ambuye adalitsike! Lowani, lowani. Ine ndine Keith. Chinthuchi chandidyetsa mutu, sisi. Ndayesa njira zonse zimene ndikudziwa."

M'nyumbamo munkanunkha penti. Munali madesiki awiri atsopano okutidwabe ndi mapulasitiki. Pakona, pamwamba pa bokosi lamatabwa, panali seva, magetsi ake obiriwira akuphethiraphethira, ndipo pansi pake batire lija linkalira ngati njuchi. Tiffany anapita molunjika n'kuika dzanja pamwamba pa sevayo monga mayi wogwira mwana pamphumi.

Esinati anaona chikwangwani chachikulu chotsamira khoma, nkhope yake itayang'ana kukhomako. Anachitembenuza. Chinali cha kampani yoombola katundu pa boda, ndipo dzina lolembedwa ndi zilembo zofiira linali limodzi lokha: Nabil Jaffu.

"Seva imeneyi munaitenga kuti, achimwene?"

"Ku ofesi yakale ya abwana Nabil. Akuti akusamukira kuno." Keith anamuyang'ananso bwino Esinati, ndipo mawu ake anayamba kuchepa. "Inu ndinu ndani kodi?"

Esinati anamuonetsa chiphaso. Keith anakhala pansi pa simenti osauzidwa.

"Amayi, ine ndangochokera ku Ndirande, anandiitana kuti ndidzakopere maina a makasitomala ndi mapepala. Anati makinawo ndi awo."

"Munthu wosamutsa katundu wake amavala taye ndi kachikwangwani pachifuwa?"

"Anati mlonda wawo ndi wovuta, tikangotchula za layisensi achita mantha. Kiyi anatipatsa okha. Mnzanga uja ndi wa takisi chabe, wabwerera dzulo."

Panja panamveka njinga yamoto ikuima. Chitseko chinatseguka, ndipo Nabil analowa atanyamula jumbo ya tchipisi ndi mabotolo awiri a zakumwa.

"Keith, watsegula? Anthu aja afi..."

Anaona Tiffany. Anaona Esinati. Jumbo ija inagwa, tchipisi n'kumwazika. Anatembenuka kuti atuluke, koma pakhomo panali pataima wapolisi wa yunifolomu, ndipo pambali pake panali Sharifah.

Nabil sanachite manyazi nthawi yaitali. Anatukula chifuwa.

"Chabwino, mwaipeza. Ndiye mutani? Kampani ija ndi ya bambo anga inenso. Zaka zonsezi ndakhala ngati wantchito wa achemwali, kupempha ngakhale ya mafuta a njinga. Makasitomala aja theka ndi anga. Ndipo iweyo," analoza Tiffany, "si wanena wekha ku polisi kuti chinthuchi aliyense akhoza kutenga? Ndatenga!"

"Pulogalamu ndiye ya aliyense," anatero Tiffany. "Mukanandipempha ndikanakuikirani pa kompyuta yanu, ulere, ndi dzanja langali. Koma makinawa si a aliyense. Mapepala a anthu ali m'katimu si a aliyense. Ndipo dzina langa, limene mwaliguguza mumsewu m'mawa uno pamaso pa madalaivala, si la aliyense."

"Ukanangochotsedwa ntchito basi. Ukanapeza ina."

"Ndani akanalemba ntchito mbava?"

Nabil anamunyalanyaza n'kuyang'ana mlongo wake. Mawu ake anafewa mwadzidzidzi. "Achemwali, izi ndi za kunyumba. Tikakhale pansi ndi amalume, zithere pamkeka. Mukufuna amayi amve kuti mwana wawo wagona m'chitokosi? Ndi mtima wawo uja? Mukufuna ku mzikiti Lachisanu anthu azikulozani chala?"

Esinati anaona mmene mawuwo anamulasira Sharifah. Milandu yambiri ya pachibale imafera pomwepa, ndipo iye anali ataionapo yambiri ikufa. Koma mwini katundu wobedwayo anali Sharifah, ndipo Esinati sakanamuyankhira.

"Amayi," anatero, "makinawa ndi anu. Mukadandaula, ndilemba mlandu. Mukati ndi za kunyumba, a Nabil ndiwatengabe chifukwa chonamiza apolisi, koma zakubazi zikhala zovuta kuziimitsa pabwalo."

Sharifah anayenda pang'onopang'ono kulowa m'nyumbamo. Anayang'ana madesiki atsopano aja. Anaima patsogolo pa chikwangwani n'kuwerenga dzinalo. Anakhudza chilembo chimodzi, penti n'kumumata pachala.

"Dzulo unadya mbale imodzi ndi ine, Nabil," anatero osatembenuka. "Unandiona ndikulira. Unandigwira paphewa, n'kunena kuti, 'Musadandaule achemwali, wakubayo ndimugwira ndine.'"

"Achemwali..."

"Ndipo ine ndinatsala pang'ono kumupereka Tiffany, mwana wa eni ake."

Nabil anaseka, kuseka kouma, n'kuyang'ana Esinati. "Musataye nthawi, Sajeni. Sangandimangitse. Anandibereka kumsana ameneyu."

"Ndinakuberekadi," anatero Sharifah. "Ndatopa."

Anapukuta chala chake pa nsalu ya m'manja, n'kukoka mpando umodzi watsopano uja, pulasitiki yake ikulira. Anakhala pansi moyang'anizana ndi Esinati, msana uli chilili.

"Tiffany, zimitsa makinawo bwinobwino tibwerere nawo, anthu akudikira. Sajeni, lembani. Wodandaula ndine. Dzina langa ndi Sharifah Jaffu, ndipo wakubayo ndikumudziwa."